Amene Ankatsuka Mbale za Zuberi

Chimene chinayamba kuwadabwitsa mayi Enifa chinali mbale. Anaipeza pampando pomwe anaisiya dzulo lake, koma yotsuka, yovundikira bwinobwino, ndipo kunsi kwake, kumene kunada kalekale mpaka aliyense anazolowera kuti ndiwo mtundu wake, kunali kukuwala. Munthu anali ataikwecha ndi mchenga. Mayi Enifa anali metroni komanso wophika pa kakoleji ka Baibulo kena chakuseri kwa Lirangwe, ndipo ophunzira onse ankawadziwa ndi mbale zawo. Zuberi sanali munthu wotsuka mbale. Iye ankangoiviika m'madzi kamodzi n'kuiponya pathandala mafuta ali noninoni, iwo akukalipa, iye akuseka.

Unali mwezi wa Januwale, chaka chija kolona anabweranso kachiwiri ataluma mano. Madzulo alionse wailesi inkatchula anthu omwalira, ndipo tsopano sanalinso anthu akutali, anali anthu oti mumawadziwa. Pakolejipo nthendayi inayamba ndi wachiwiri kwa mkulu wa sukulu. Anapita naye kuchipatala m'tauni akuyenda yekha, anabwerako m'thumba la pulasitiki, atanyamulidwa ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanamusambitse, sanamugonere, mkazi wake anaonera patali atagwiridwa mikono. Kuyambira tsiku limenelo, anthu amene ankaphunzitsa anzawo kuti imfa yagonjetsedwa anayamba kutsegula zitseko ndi chigongono.

Sukulu inatsekedwa. Ophunzira anabwezedwa kwawo, maphunziro n'kumawatsatira pafoni, kwa amene anali ndi foni yoyenera ndi netiweki. Anatsala ochepa: anyamata a ku Mozambiki amene anaopa kukakanidwa pachipata, ndi Zuberi. Zuberi kwawo kunali ku Machinga, pafupi pomwepa, koma analibe kolowera. Tsiku limene anabatizidwa, bambo ake, munthu wa kumzikiti, anamutumizira mawu akuti asadzapondenso pakhomo pawo.

Ndiye Zuberi anayamba kutsokomola. Mkulu wa sukulu, abusa Malizani, anaimba foni kuchipatala, n'kuuzidwa kuti mabedi adzaza, ngati wodwalayo akutha kupuma amusunge payekha. Abusa anamvera mawuwo msanga, mwina msanga kwambiri, chifukwa analinso ndi mantha ena. Pamsika wa Lirangwe anthu anali atayamba kale kunena kuti nthendayi anabweretsa ndi a kumishoni, kudzera mwa azungu awo otsikira pa Chileka. Amayi ogulitsa tomato ankawauza mayi Enifa kuti aloze ali patali. Usiku wina miyala inagwa padenga la tchalitchi. Ambulansi ikanabweranso kachiwiri, abusa ankaona kuti padzagwa zoposa miyala.

Choncho anamupatsa Zuberi kanyumba ka kumapeto kwa munda, komwe kale ankasungirako chimanga. Kanali kopanda magetsi, pansi pake pozira ndi dothi, khomo lake loyang'ana kumunda. Chimanga chaka chimenecho chinakula kupitirira munthu, moti kuchokera kukhitchini unkangoona denga. Pakati pa njira panali mtengo wa mango, ndipo abusa analamula kuti amenewo ndiwo malire. Wodutsa pamenepo anali mmodzi yekha, mayi Enifa: kukaika chakudya pampando wa pakhonde, kutenga mbale yakale n'kuiponya m'beseni la madzi a kolorini, kumenya kachitsulo kopachika pamtengo kuti wodwala adziwe, n'kuchokapo osacheuka.

Tsiku limene Zuberi ankapita kumeneko anasenza yekha matiresi, poti panalibe womuthandiza. Atafika pamtengo wa mango anatula, kupuma kuli wefuwefu, n'kutembenuka.

"Amayi, muzibwera kudzandiona, eti?"

"Ndizibwera mwana iwe. Ukuona ngati ndingakutaye?"

Ananena ndi mtima wonse. Koma lamulo linali lamulo, ndipo mantha analinso pomwepo, choncho kubwera kwawo kunathera pampando ndi kachitsulo. Masiku oyamba ankaimbirana foni. Kenako foni ya Zuberi inatha moto, ndipo panalibe amene analimba mtima kuigwira kuti akaitchaje. Ankangoima pamtengo n'kukuwa dzina lake, iye n'kuyankha chapansipansi kuti alipo.

N'chifukwa chake mbale yotsukayo poyamba inawasangalatsa. Munthu wotha kukwecha mbale ndiye kuti mphamvu zabwerera. Anabwerera kukhitchini akuimba. Koma ali mkati mosankha nyemba chisangalalocho chinayamba kuzizira. Madzi amene ankamusiyira anali a m'kachigubu kamodzi, akumwa. Nanga otsukira ankawapeza kuti? Ndipo m'mawa womwewo, atamuitana, mawu ake anatuluka ngati a munthu wogona chagada amene sangathe n'kutukula mutu komwe.

Mawa lake mbale inalinso yotsuka. Mkuja wake kapu nayo inali yotsuka, ndipo pakhonde panali posesa, mizere ya tsache ikuoneka pansi.

A Laston, mlonda wa pakolejipo, anali munthu wachikulire wosakonda kuyamba nkhani. Tsiku limenelo anafika kuseri kwa khitchini dzuwa likupendeka, anaima patali monga mwa lamulo, n'kutsitsa masiki yawo mpaka pachibwano ngati kuti mawu onong'ona sangadutse nsalu.

"Mayi, ndowa yanu yabuluu ija mwaipeza?"

"Ayi. Mwaiona penapake?"

"Sindinaione. Koma kumjigo m'mamawa kumakhala konyowa, munthu asanatungeko. Ndipo usiku mjigo umalira. Pang'onopang'ono, ngati wopopayo sakufuna kuti umveke."

"Nanga inu simupita kukaona? Si ntchito yanu imeneyo?"

A Laston anayang'ana pansi. "Ndinapita dzana. Ndinayatsa tochi, ndinangoona chimanga chikugwedezeka. Mphepo kunalibe. Komanso mayi, kanyumba kaja mumayaka moto. Fungo la bulugamu limafika mpaka kugeti. Mnyamata uja munam'patsa machesi?"

Sanam'patse machesi. Sanam'patse mphika. Usiku umenewo mayi Enifa anagona zenera lili lotsegula pang'ono. Kunali mdima wa nthawi ya mvula, wopanda mwezi ndi nyenyezi zomwe, achule akulira kudambo osapuma. Magalimoto a mumsewu waukulu anali atachepa chiyambire mliri, ndege nazo zinkachita kusowa, choncho phokoso lililonse linkayenda mtunda wautali. Anamva chifuwa cha Zuberi, chouma, chotalika, chothera m'kubuula. Anachizolowera chimenecho. Koma chitatha, kunamveka china. Chinali chachifupi, chopyapyala, chotsekedwa msanga ngati munthu waika nsalu pakamwa. Anadzuka n'kukhala tsonga pabedi. M'kanyumba muja munali anthu awiri otsokomola.

Kutacha anapita kwa abusa Malizani. Masiku amenewo abusa ankalandirira anthu pazenera la ofesi, iwo mkati, mlendo panja, botolo la sanitaiza lili pakati.

"Abusa, tiyeni tikamuone mwana uja. Kapena ndiloleni ndilowe ndekha, ndidziphimba bwino."

"Mayi Enifa, ine ndili ndi shuga. Inu muli ndi bipi. Mukalowa inu mukadwala, atiphikira ndani? Anyamata enawa mwawaganizira?"

"Koma kumeneko kukuchitika zachilendo."

"Mbale ikubwera ndi chakudya?"

"Ayi, ikubwera yopanda kanthu."

"Ndiye kuti akudya. Munthu akamadya ndiye kuti ali bwino. Tiyeni tizingopemphera."

Abusa Malizani sanali munthu woipa, ndipo n'zimene zimapweteka pankhaniyi. Anali munthu amene anaika m'manda mnzake wa zaka zambiri ali chapatali, ndipo kuyambira pamenepo ankadziyeza kutentha kwa thupi mwina kuposa mmene ankatsegulira Baibulo. Mbale yopanda kanthu inali kuwapatsa chilolezo chogona tulo. Ndipo kunena zoona, mayi Enifa nawo atakanizidwa anamva kupepuka kwina mumtima, kumene anachita nako manyazi.

Nkhani sizikhalitsa pamalo a anthu ochepa. Pofika madzulo anyamata onse anali atamva, ndipo aliyense anawonjezerapo chake. Wina anati anaona kuwala kukuyenda m'chimanga. Wina anati masamba a maungu a m'mphepete mwa munda athyoledwa, koma mapazi osaoneka. A Laston, atapanikizidwa, anaulula chimene anabisa: kuti m'bandakucha, tambala asanalire, m'kanyumbamo mumatuluka mawu ong'ung'udza, okwera ndi kutsika ngati nyimbo koma osakhala nyimbo, m'chiyankhulo chosakhala Chichewa kapena Chizungu. Mawuwo sanali a mwamuna.

Panali wophunzira wina dzina lake Frazer, wa chaka chomaliza, wotchuka ndi kusala kudya ndi kutulutsa ziwanda. Kwa iye nkhaniyi inalibe chovuta. Anaimirira m'chipinda chodyera, masiki ili lende kukhutu limodzi.

"Abale, musanamizidwe. Iyi si kolona yokha. Mbale wathu anachoka kuti? Mukuganiza kuti kumene anachoka anangomusiya? Awa ndi majini a kwawo, awatumiza kuti adzamutenge. Akudya chakudya chake, akumuyamwa mphamvu. Ife takhala pano tikumwa mandimu ndi jinja pamene nkhondo ili yauzimu!"

Anthu amene atopa ndi mdani wosaoneka amasangalala akapatsidwa mdani wokhala ndi dzina. Ngakhale abusa anagwedeza mutu, ndipo anavomera kuti pachitike pemphero lamphamvu, bola malamulo a mliri asaphwanyidwe. Mayi Enifa anafunsa ngati sikukanakhala bwino kuyamba agogoda pachitseko. Frazer anawayankha mwaulemu kuti chiwanda sachigogodera.

Anapita kutangoda. Anandanda pamtengo wa mango, aliyense masiki kukamwa, motalikirana bwinobwino monga ankanenera pawailesi. Frazer ananyamula chimkuzamawu cha m'manja chimene ankalalikira nacho pamsika. Anayamba ndi nyimbo. Zimenezo zinali zokoma, chifukwa anyamatawo ankaimba bwino, ndipo mayi Enifa anaimba nawo mokweza, misozi ikulengeza, akufuna kuti Zuberi awamve. Kenako nyimbo inatha, kukuwa kunayamba.

"Tuluka! M'dzina la Yesu tuluka! Moto! Siya mwana wa Mulungu! Tuluka!"

Chimkuzamawu chinkalira tswii, agalu a m'midzi anayamba kuuwa, anyamata akuponda pansi ndi kuloza kanyumbako ndi zibakera. Kanyumbako kanali zii, kuwala kofiira kukuonekera m'ming'alu ya zenera. Ndiye pakati pa phokosolo kunamveka kulira kwa mahinjesi. Onse anamva, ndipo mawu anawathera kukhosi mmodzimmodzi, mpaka Frazer anatsala yekha, naye n'kusiya.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Pakona ya khonde panatulukira chinthu chachifupi, chofunda kumutu mpaka kumapazi, kuwala kwa moto kuli kumbuyo kwake moti nkhope sinkaoneka. Zuberi anali wamtali, ndipo ichi sichinali Zuberi. Chinaima. Kenako chinatulutsa dzanja m'nsalumo n'kuyamba kuwakodola.

Sizidziwika amene anayamba kuthawa. Chimkuzamawu chinagwa m'matope chikulirabe. Abusa anapunthwa pamzere n'kudzuka okha popanda wowagwira dzanja. A Laston, amene anali ndi chibonga ndi tochi, anafika kugeti anyamata asanafike kuhositelo. Mayi Enifa nawo anathawa. Anathawa ngati wina aliyense, chitenje chili m'manja, ndipo atalowa m'nyumba anakhoma chitseko n'kutsamiritsapo tebulo.

Usiku umenewo kunalibe chifuwa chachitali chija. Anamvetsera mpaka maso kuwawa, koma kunali achule okha.

M'mawa mayi Enifa anapita ndi phala. Anaika, anamenya kachitsulo, anaitana dzina. Palibe anayankha. Masana anapeza phala lili momwemo, lauma pamwamba, nyerere zitazungulira mbale. Anapita nalo pazenera la abusa n'kuwaonetsa. Abusa anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali.

"Ndiimbanso foni," anatero. "Mawa. Tione kaye mmene kuchere."

Tsiku limenelo mayi Enifa anachapa nsalu zoyera za pamabedi a kuhositelo, pofuna kuti manja akhale ndi chochita. Dzuwa silinatuluke, choncho anazisiya pachingwe. Chakumadzulo, mvula itayamba kuwaza, anathamanga kukazianula, n'kupeza pakati pa chingwe pali mpata. Mapegi anali pomwepo, omanidwa bwinobwino pachingwe chopanda kanthu. M'kashedi ka zida, khasu la a Laston nalo linali litasowa.

Pakati pa usiku, mayi Enifa anawadzutsa ndi a Laston, akugogoda pazenera ndi chala chimodzi.

"Mayi. Mayi. Tamverani."

Mvula inali itasanduka yamawawa, yongonyowetsa. Poyamba sanamve kanthu. Kenako anamva: du. Kachetechete. Du. Phokoso lolemera, lotsekeka, lochokera m'kati mwa nyumba osati panja. Linkapita kanthawi, n'kuima, n'kumveka kukokolola kwa dothi. Kenako kachifuwa kopyapyala kaja, tsopano kosabisanso, kotalika mpaka womvera kumva kupweteka. Kenako du.

"Akukumba," ananong'ona a Laston. "Afiti amenewa, mayi. Ndaona chinthu choyera chikudutsa m'mizere. Ine ntchito ino ndasiya, kukacha ndikupita kwathu kwa Mdeka."

Mayi Enifa anakulira kumudzi, ndipo kulira kwa khasu ankakudziwa. Wokumba ameneyu khasu linkamulemera. Ankamenya kangapo n'kupuma, kumenya n'kupuma. Mfiti kapena jini sizikanatopa chonchi. Ndiye anaphatikiza nsalu zoyera, madzi a usiku, phala losadyedwa ndi khasu, n'kuzindikira chimene chinkakumbidwa. Mantha amene anawagwira tsopano anali a mtundu wina, oposa aja a dzanja lokodola. Komabe sanatuluke. Anakhala pabedi atavala nsapato, akumvera khasulo usiku wonse, akudziuza kuti kukangoyera apita.

Kutayera anapita. Sananyamule mbale. Anadutsa mtengo wa mango, anadutsa chimkuzamawu chili chigonere m'matope, anakwera pakhonde. Ndowa yawo yabuluu inali pomwepo, yovundikira.

"Odi," anatero.

"Lowani," anayankha mawu a mzimayi. "Sichokhoma."

M'katimo munali fungo la utsi, bulugamu ndi dothi lonyowa. Maso atazolowera mdima anaona matiresi atapindidwa n'kuimikidwa kukhoma. Mabuku a Zuberi anali osanjikiza pamwamba pa sutikesi yake, Baibulo pamwamba penipeni. Pakati pa chipinda, pomwe panayenera kukhala pozira, panali mulu wautali wa dothi lofiira, losalazidwa ndi manja, zala zikuonekera. Pambali pake panakhala mzimayi wamng'ono thupi, wachikulire, wofunda mpango kumutu, miyendo atatambasula. Manja ake anali m'chilolo, zikhatho zili m'mwamba, matuza ataphulika. Mphuno ndi chipumi zinali za Zuberi.

"Ndinu mayi Enifa," anatero mzimayiyo. "Ndakudziwani ndi mayendedwe. Ine ndine Abiti Jafali, mayi wake."

Mayi Enifa anangokhala pansi pakhomo pomwepo.

"Munabwera liti, mayi?"

"Foni yake isanazime anandiimbira. Bambo ake ndinawauza kuti ndikupita kumaliro kwa achibale." Anatsokomola, n'kudikira kuti mpweya ubwerere. "Pageti panu anandibweza, akuti alendo saloledwa. Ndiye ndinazungulira kumunda. Ndinamupeza atagona pansi, mbale ili apo, iye ali apa, osatha kuifikira. Anadziipitsira, pepani. Chakudya chija poyamba ankadya agalu pakhonde, mwana ankangokoka mbale."

"Bwanji simunatiuze? Bwanji simunabwere kukhitchini?"

"Anandiletsa. Anati amayi, akakuonani akuthamangitsani, kuno kuli lamulo. Ndiye ndinkayenda usiku ngati wakuba. Ndowa yanu iyo. Nsalu zanu sindingabweze, mundikhululukire."

Analankhula mosakweza mawu, mopanda mkwiyo, ndipo mayi Enifa akanakonda akanawatukwana.

"Mwanayu anandiuza za aphunzitsi ake omwalira aja, mmene anawaikira. Anati amayi, musalole andiike m'pulasitiki. Ndiye ndamusambitsa ndekha. Kwathu si ntchito ya mzimayi imeneyi, amasambitsa ndi amuna, koma ndikanaitana ndani? Ndinamusambitsa ali khanda, ndamusambitsanso. Ndamukulunga nsanda. Dzenjelo si lakuya bwino, mphamvu zinandithera. Panja ndinaopa kuti mundiona mudzandilanda."

Anasalaza dothi pafupi ndi bondo lawo, pomwe panali posalala kale.

"Ine ndaswali, ndamupempherera mwa kumzikiti mmene ndimadziwira. Kaya ndi wa kwanu, kaya ndi wa kwathu, Mwini wake akadziwa. Koma iye ankafuna mapemphero a kwanu, ndipo ine sindiwadziwa."

"Anatisiya liti?" anafunsa mayi Enifa, ngakhale mtima unali utawauza kale.

"Usiku uja munabwera ndi nyimbo."

Kunja mbalame zinali zitayamba kulira. Abiti Jafali anayang'ana kuchitseko.

"Tsiku lonse sanalankhule. Koma atamva nyimbo anatsegula maso. Anati amayi, abwera. Abusa abwera kudzandipempherera. Mayi Enifa ali pomwepo, ndikuwamva mawu awo. Anasangalala, mayi. Anafuna ndimukhazike tsonga, ndimupukute kumaso. Zokuwa zija sanazimvetse, makutu anali atayamba kutseka. Ine ndinazimva, koma ndinati kaya, mwina ndi mmene amapempherera. Anati tsegulani chitseko alowe, musaopenso. Ndiye ndinatsegula. Ndinakuitanani ndi dzanja, poti mawu ndinalibe."

Mayi Enifa anagwira pakamwa, pamwamba pa masiki.

"Nditabwerera anandifunsa, alowa? Ndinati akubwera mwanangu, apita kukatenga nyale. Anati chabwino. Ndiye anangoyang'ana kuchitseko. Ndinachisiya chotsegula kuti aziona. Anayang'ana, anayang'ana, mpaka ndinazindikira kuti sakuphethiranso."

Kulira kumene kunatuluka mwa mayi Enifa sikunali kwa pamaliro, koyamba bwino ndi kutchula dzina. Kunali kwa munthu amene walasidwa. Anakwawa mpaka pamuluwo n'kugwetsa chipumi padothi. Anafuna kupemphera, poti n'zimene mwanayo anadikira, koma pa mapemphero onse amene anawamva zaka zonsezo akuphika kuseri kwa makalasi, palibe ndi limodzi lomwe limene linabwera. Chimene chinatuluka n'chakuti pepa, pepa mwana wanga, ndinali pomwepa.

Abiti Jafali anayamba kutsokomola, ndipo ulendo uno chifuwacho sichinafune kutha. Anapindika, mpango unagwa. Mayi Enifa anadzuka n'kuwagwira. Thupi linali lotentha ngati mbaula. Anawatsamiritsa pachifuwa pawo, n'kumawasisita pamsana mpaka mpweya unabwerera.

"Mutenga nthenda," anatero mzimayiyo chapansipansi.

"Khalani chete, mayi. Tsamirani."

Ali chomwecho anamva mawu kunja, patali. A Laston ayenera kuti anali atakanena. Kudzera pachitseko mayi Enifa anaona anthu m'kanjira ka m'chimanga: abusa Malizani, Frazer, anyamata ena kumbuyo, onse atandanda pamtengo wa mango, motalikirana bwinobwino.

"Mayi Enifa!" anakuwa abusa. "Mwalowa m'menemo? Tulukani msanga, mukasambe! Mayi Enifa! Zuberi ali bwanji? Wadya?"

Mayi Enifa sanadzuke. Anakankha chitseko ndi phazi mpaka chinatseguka chonse, kuwala n'kugwera pamulu wa dothi.

"Bwerani, abusa," anayankha, ndipo mawu awo anamveka munda wonse. "Wakudikirani kokwanira. Bwerani mudzamupempherere."

Pamtengo paja palibe amene anasuntha. Azimayi awiriwo anakhala chomwecho, wina atatsamira mnzake, maso ali kunjira, akudikira kuti aone ngati pali amene aponde tsidya lino la mtengowo.